Kuphunzitsa za salamanda ku Mzuzu, kumene kulibe salamanda

Onetsani ophunzira chithunzi cha salamanda, ambiri ayankha msanga kuti ndi buluzi. Maso awo sakuwanamiza: thupi lalitali, miyendo inayi yotulukira m'mbali, mchira. Koma salamanda ndi m'bale wa chule. Ali m'gulu la Amphibia, pomwe buluzi, gulo, nalimata ndi bilimankhwe ali m'gulu la zokwawa limodzi ndi njoka ndi ng'ona. Mphunzitsi amene walephera kuwongola cholakwika chimenechi pa tsiku loyamba amavutika nacho mpaka kumapeto, chifukwa china chilichonse chokhudza salamanda, kapumidwe, kaberekedwe, malo okhala, chimachokera ku khungu lake lonyowa, ndipo buluzi alibe khungu lotere.

Vuto lachiwiri n'lakuti simungamugwire n'kubwera naye m'kalasi. Musatume ana ku Lunyangwa kapena ku nkhalango ya Kaning'ina kuti akamusake. M'Malawi muno mulibe salamanda, ndipo kumwera konse kwa chipululu cha Sahara kulibe ngakhale mtundu umodzi. Mu Africa amapezeka kumpoto kwenikweni kokha, ku Morocco, Algeria ndi Tunisia. Mitundu yake ndi yoposa 700, m'mabanja 10, ndipo yambiri ili kumpoto kwa dziko lapansi: ku North America, Mexico ndi Central America, Europe, China ndi Japan. Mapiri a Appalachian kummawa kwa United States ndi amodzi mwa malo okhala ndi salamanda amitundu yambiri, moti paki imodzi yokha ya Great Smoky Mountains ili ndi mitundu pafupifupi 30. N'chifukwa chake tilibe dzina lathulathu la nyamayi, tingobwereka lakuti salamanda.

Gulu la Amphibia lili ndi nthambi 3. Ya achule, Anura, tili nayo yambiri. Ya salamanda, Caudata, tilibe. Yachitatu ndi Gymnophiona, tinyama topanda miyendo tokhala m'dothi lonyowa, toti mukatifukula mungati ndi nyongolotsi yonenepa. Mtundu wake umodzi, Scolecomorphus kirkii, umapezeka kumapiri a kumwera kwa Malawi. Choncho njira yophunzitsira ndi iyi: gwiritsani ntchito chule ndi mbululu za m'dambo la pafupi ngati galasi loonera salamanda, ndipo buluzi akhale woyerekezera naye posonyeza chimene salamanda sali.

Kusiyanitsa ndi buluzi

Pezani zithunzi zooneka bwino, makamaka zosonyeza phazi ndi mutu chapafupi. Ndiyeno ophunzira ayang'ane buluzi weniweni pakhoma la kalasi nthawi ya m'mawa akuothera dzuwa. Safunika kumugwira.

Yambani ndi phazi, chifukwa silinama. Abuluzi athu ambiri ali ndi zala 5 kutsogolo ndi 5 kumbuyo, zokhala ndi zikhadabo. Salamanda ambiri ali ndi zala 4 kutsogolo ndi 5 kumbuyo, zofewa, zopanda zikhadabo. Chule nayenso ndi 4 ndi 5. Awerengetseni ana, aone okha ubalewo. Chenjerani ndi chiganizo chakuti "nyama za Amphibia zilibe zikhadabo", pakuti mwana wochenjera akubweretserani Xenopus, chule wophwatalala woterera uja wokhala m'zitsime ndi m'maiwe osatuluka, amene ali ndi tizikhadabo takuda pa zala 3 za phazi lakumbuyo.

Kenaka khungu. La buluzi ndi louma, la mamba, ndipo limatsekera madzi m'thupi. La salamanda lilibe mamba, lili ndi timatumba totulutsa madzi oterera ngati therere, ndi tina totulutsa poizoni. M'mbali mwa thupi la mitundu yambiri muli timizere totsika kuchokera kumsana kupita kumimba, mzere umodzi pa nthiti iliyonse. Timizereti timakoka madzi kuchokera pansi ponyowa n'kuwafalitsa pathupi, monga mmene chingwe cha nyali chimakokera parafini. Akatswiri amawerenga timizereti posiyanitsa mitundu yofanana.

Chachitatu ndi kapumidwe, ndipo ichi ana amachikonda chifukwa chimaoneka. Buluzi akamapuma, nthiti zake zimatukuka ndi kuphwa. Chule akamapuma, chimene chimagunda ndi kukhosi: amakokera mpweya m'kamwa kudzera m'mphuno, n'kutseka mphuno, n'kuukankhira ku mapapo. Salamanda wokhala ndi mapapo amapuma ngati chule, chifukwa nthiti zake ndi zazifupi, sizizungulira chifuwa.

Pali zina zing'onozing'ono zoti mutchule n'kupitirira. Buluzi ali ndi kabowo ka khutu kumbuyo kwa diso, salamanda alibe, ndipo amamva kwambiri kugwedezeka kwa pansi ndi kwa madzi. Salamanda salira usiku ngati achule. Amuna ndi akazi amapezana mwa fungo. Ali ndi timano ting'onoting'ono ku nsagwada zonse ziwiri, pomwe achule ambiri ali nato kumwamba kokha. Dzira la buluzi lili ndi chikamba ndipo limaikiridwa pouma, la salamanda lakutidwa ndi zoterera ndipo likauma lafa.

Khungu ngati mapapo

Apa ndipo pofunika kuchedwapo. Banja lalikulu kwambiri la salamanda, Plethodontidae, lili ndi mitundu pafupifupi 2 mwa 3 iliyonse ya salamanda onse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wa m'banjali amene ali ndi mapapo. Nyama yamsana, yoyenda pamtunda, yosaka chakudya, yopanda mapapo moyo wake wonse. Okisijeni amasungunuka m'chinyontho cha pakhungu ndi cha m'kamwa, n'kulowa m'timitsempha ta magazi tomwe tili pansi pomwe pa khungu. Khungu likauma, mpweya sulowa, nyama imabanika ili pabwalo.

Zimenezi zimalamula zinthu ziwiri: nyamayo iyenera kukhala pachinyontho, ndipo iyenera kukhala yaing'ono kapena yowonda, kuti khungu lichuluke poyerekeza ndi mnofu wofuna mpweyawo. Mfundo yachiwiriyi ana saimva mukangoinena. Aonetseni ndi mbatatesi.

Sendani mbatatesi zikuluzikulu. Dulani chibenthu chimodzi cha mbali zofanana, masentimita 3 mbali iliyonse. Dulaninso tizibenthu 27 ta sentimita imodzi mbali iliyonse. Milu iwiriyi ili ndi mnofu wofanana, ndipo pa sikelo iyenera kulemera pafupifupi mofanana, cha m'ma magalamu 29. Koma kunja kwa chibenthu chachikulu kuli masikweya sentimita 54, pomwe kunja kwa tizibenthu tonse pamodzi kuli 162, kuwirikiza katatu. Pukutani zonse ndi kansalu, yezani, lembani, ndipo yalani pa sefa kapena pa waya pamalo opita mphepo koma opanda dzuwa, tizibenthuto tisakhudzane. Yezaninso pakatha maola 6 ndi maola 24. Tating'onoto tidzataya madzi ambiri. Pamenepo funsani: khomo lomwe madzi atulukira ndi lomwenso mpweya umalowera, ndiye salamanda wamng'ono wapindula chiyani, ndipo walipira chiyani? Wapindula mpweya, walipira ludzu. N'chifukwa chake masana amabisala pansi pa zikuni zowola, miyala ndi masamba, n'kumatuluka usiku kapena mvula ikamawaza.

Zimene zimasokoneza ntchitoyi ndi zodziwika. Sikelo ya pamsika yoyezera makilogalamu siona kusiyana kwa magalamu awiri kapena atatu. Mufunika ya mu labotale kapena ya kukhitchini yowerenga galamu imodziimodzi. Mukaunjika tizibenthu pamodzi timakhala ngati chibenthu chimodzi. Ndipo pa masiku a nkhungu ndi mvula yowaza, omwe ku Mzuzu kuno sasowa, mpweya umakhala wodzala kale ndi chinyontho, choncho kusiyana kumachedwa kuoneka. Musataye mtima nazo, muzigwiritse ntchito: tsiku lotere ndi limene salamanda akanayenda momasuka. Mutha kuwonjezera chibenthu china chokulunga mu pulasitiki, chikhale buluzi ndi mamba ake.

Mwana wina adzafunsa za salamanda wamkulu wa ku China, Andrias davidianus, amene amatha kufika mamita 1.8, kutalika kwa munthu wamkulu. Funsolo ndi labwino. Iyeyu ali nawo mapapo, koma mpweya wambiri amaupezabe pakhungu. Thupi lake ndi lophwatalala, m'mbali muli makwinya a khungu lolendewera owonjezera malo opumira, amakhala m'mitsinje yozizira yothamanga, ndipo sayendayenda. Madzi ozizira amasunga okisijeni wambiri: pafupifupi mamiligalamu 11 pa lita pa madigiri 10, koma 8 okha pa madigiri 25. Abale ake ndi wa ku Japan, wofika mamita 1.5, ndi wa ku United States wotchedwa hellbender. Kumapeto enawo kuli timitundu ta Thorius ta ku Mexico, tina totalika masentimita osapitirira 3 titakula kale.

Kusowa mapapo kunatsegulanso mwayi wina. Mafupa a kukhosi amene mwa ena amagwira ntchito yopopa mpweya, mwa Plethodontidae ena anasanduka choponyera lilime. Salamanda a Hydromantes amaponya lilime patali pafupifupi ngati kutalika kwa thupi lawo kupatula mchira. Ophunzira amene anaonapo bilimankhwe akugwira chiwala amva msanga.

Kulera mbululu m'kalasi

Moyo wa salamanda wamba umayenda ngati wa chule: dzira m'madzi, kamwana kopuma m'madzi, kusintha thupi, wamkulu wa pamtunda. Kuti ana aone kusinthako ndi maso, lerani mbululu. Nthawi yabwino ndi mvula ikakhazikika, kuyambira December mpaka March, pamene zithaphwi ndi ngalande za m'madimba zadzaza.

Zosavuta kulera ndi za chule wa khungu la tinthudza amene amalira mokokera usiku m'makomo, Sclerophrys gutturalis. Mazira ake mumawazindikira msanga: timikanda takuda m'zingwe zazitali zoterera, zokulungika pa udzu wa m'madzi osaya. Mbululu zake ndi zazing'ono, zakuda bii, zoyenda m'chigulu. Dulani kachingwe ka mazira 30 kapena 40 basi, kapena tungani mbululu 20 mpaka 30. Musakokolole chithaphwi chonse. Tungani ndi sefa yomangirira ku ndodo kapena ndi kapu ya chogwirira, ana asalowe m'madzi osayenda opanda nsapato za jombo, chifukwa momwe muli nkhono mutha kukhala likodzo. Lembani malo enieni amene mwatunga, mudzawafuna pobweza.

Chosungiramo chikhale beseni la pulasitiki lotambalala, la malita 15 kapena 20, latsopano kapena lotsukidwa ndi madzi okha. Lisakhale lomwe munachapiramo ndi sopo, kapena chigubu chomwe munali feteleza kapena mankhwala a mbewu. Ndowa ya malata nayonso ayi, chitsulo chake chimasungunukira m'madzi. Madzi akhale akuya masentimita 8 mpaka 10 okha. Kutambalala n'kofunika kuposa kuya, chifukwa mpweya umalowera pamwamba.

Madzi ndiwo amapha mbululu zambiri m'makalasi. A pampopi ali ndi klorini, amene amawotcha khungu ndi ziwalo zopumira. Atungeni m'chidebe chosavindikira, akhale maola 48 musanawagwiritse ntchito. Madzi a mvula olandira m'beseni loyera pabwalo ndi abwino, kapena a pamalo pomwe mwatunga mbululuzo, mutawasefa ndi nsalu. Kusefako sikuti n'kwa ukhondo chabe: m'matope mumabisala mphutsi za tombolombo ndi tizikumbu ta m'madzi, ndipo kamodzi kokha katha kumaliza beseni lonse m'sabata imodzi. Mukaona mbululu zikuchepa popanda mitembo, funani mlenjeyo pansi pa masamba.

Zikali zazing'ono, mbululu 3 kapena 4 pa lita imodzi zili bwino. Zikakula, chepetsani kufika imodzi kapena ziwiri pa lita. Zikathinana, zochepa zimakula ndipo zotsala zimapinimbira. Ikani beseni pamthunzi powala, osati pawindo lolowa dzuwa la masana, pakuti madzi osaya amatentha m'kanthawi kochepa.

Chakudya: masiku awiri kapena atatu oyamba zitaswa sizidya, zimangokakamira pa udzu zikumaliza chakudya cha m'dzira. Zikayamba kusambira, zipatseni ndere za pamiyala ya m'madzi omwewo, ndi masamba a letesi, chainizi kapena nkhwani owiritsa mphindi 10 m'madzi okha, opanda mchere, soda kapena mafuta, ataziziritsidwa. Kachidutswa konga chikhatho cha mwana kamakwanira mbululu 20 tsiku limodzi. Chotsani zotsala musanaike zina. Nsima, buledi ndi gaga zimawola msanga, zimadya mpweya wa m'madzi, ndipo m'mawa mumapeza madzi a mbuu ndi mbululu zikupuma movutika pamwamba. Zikatero sinthani theka la madzi nthawi yomweyo ndipo musadyetse tsiku limenelo. Mwa masiku onse, chotsani gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi pa masiku awiri kapena atatu alionse, n'kuthiramo ena omwe agona m'chipinda chomwecho kuti kuzizira kufanane. Loweruka ndi Lamlungu ndi bwino kuzisiya ndi chakudya chochepa kusiyana n'kuziunjikira.

Vindikirani beseni kuti udzudzu usaikiremo mazira, koma apa pali msampha umene wagwetsa ambiri. Musagwiritse ntchito neti yogonamo, ngakhale yakale yong'ambika. Maneti amenewa ananyikidwa m'mankhwala ophera udzudzu, ndipo mankhwalawo ndi poizoni woopsa kwa nsomba ndi mbululu. Tengani nsalu yopyapyala yochapidwa bwino popanda sopo wotsalira. Pa chifukwa chomwecho, musapopere mankhwala a udzudzu kapena a mphemvu m'chipindamo.

Ophunzira ajambule mbululu imodzi kawiri pa sabata, ili m'kambale koyera kokhala ndi madzi pang'ono, rula ili pansi pa kambaleko. Mazira amaswa sabata isanathe. Kusintha konse kumatenga pakati pa masabata 5 ndi 10 kutengera kutentha ndi chakudya, ndipo poti Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, yembekezerani kuti zichedwerapo kusiyana ndi za ku Nkhata Bay. Ngati muli ndi choyezera kutentha, gawani mbululu m'mabeseni awiri, lina pakona yozizira, lina pamalo ofundirako, muzilemba madigiri tsiku lililonse pa ola lomwelo.

Nthawi yoopsa ndi pamene miyendo yakutsogolo yatuluka. Apa zopumira za m'madzi zikutha, mapapo akuyamba ntchito, ndipo kachule katha kumira. Tsitsani madzi afike masentimita 2 kapena 3, pendeketsani beseni kuti mbali ina ikhale pouma, kapena ikanimo mwala wosaterera wotulukira pamwamba. Kachuleko sikadya masiku amenewa, kakudya mchira wake womwe ukusungunukira m'thupi. Mchira ukangotsala kachitsa, kabwezeni.

Pamene salamanda wapatukira

Ana akamajambula, inu muziika pambali chithunzi cha mwana wa salamanda wa msinkhu wofanana, chifukwa phunziro lili pa kusiyanako.

Mbululu imakhala ndi zopumira zakunja masiku ochepa okha, kenaka khungu limaziphimba. Ziyang'aneni ndi galasi lokuza zinthu pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu zitaswa, mukachedwa simuziona. Mwana wa salamanda amasunga zake panja mpaka tsiku losintha: nthambi 3 mbali iliyonse ya khosi, zofiira ndi magazi, zooneka ngati nthenga. Pa mbululu imayamba kuoneka miyendo yakumbuyo, yakutsogolo imakulira mobisika n'kutulukira kumapeto. Pa salamanda imayamba yakutsogolo. Mbululu imapala ndere ndi kamlomo kolimba, ndipo ili ndi matumbo aatali okulungika ngati nkhata. Mwana wa salamanda ndi mlenje kuyambira pachiyambi, ali ndi mano enieni, amadya tizilombo ta m'madzi, mphutsi za udzudzu, ngakhale abale ake akathinana. Ndiye kusintha kwa chule ndi kugwetsa nyumba n'kumanganso: pakamwa, matumbo, mchira, zonse. Kwa salamanda n'kukonza pang'ono: zopumira zimafota, chipsepse cha kumchira chimatha, zikope zimamera, khungu limakhuthala, mchira umatsala.

Kaberekedwe nako n'kosiyana. Chule wamwamuna amakwera pamsana pa wamkazi n'kuthira umuna pa mazira akamatuluka. Mwa salamanda ambiri, pafupifupi mitundu 9 mwa 10 iliyonse, wamwamuna amavina ndi kupaka wamkazi fungo, kenaka amasiya pansi kamulu koterera kokhala ndi umuna pansonga. Wamkazi amayenda pamwamba pake n'kukatola ndi khomo lake la kumchira, n'kusunga umunawo m'thupi mpaka nthawi yoikira. Mazira amakumana ndi umuna m'kati, popanda kukwerana. Salamanda akuluakulu aja a ku China ndi Japan ndi ena mwa ochepa amene amathira kunja ngati nsomba, ndipo wamwamuna ndiye amalondera mazira.

Si onse amatsata njira ya dzira, madzi, mtunda. Ambiri a Plethodontidae amaikira mazira ochepa pansi pa chikuni chonyowa, mayi n'kuwazinga ndi thupi lake, ndipo m'dzira mumatuluka kasalamanda kathunthu kosadutsa m'madzi. Chitsanzo chake tili nacho pafupi: timachule ta Arthroleptis tolira m'masamba ogwa a m'nkhalango timaikira m'dothi lonyowa, ndipo mumatuluka tiachule, osati mbululu. Salamandra salamandra wa ku Europe, wakuda wa mawanga achikasu, amasunga mazira m'mimba n'kukaberekera ana amoyo mumtsinje. Salamandra atra wa kumapiri a Alps amakhala ndi bere zaka ziwiri kapena kuposerapo, n'kubereka ana awiri okha, okhwima kale.

Ndiye pali amene sasintha n'komwe. Wotchuka ndi axolotl, Ambystoma mexicanum, wa m'ngalande za Xochimilco mu Mexico City. Amakula, amabereka, amakalamba ali ndi zopumira zake za ubwana. Chimene chimayambitsa kusintha mwa achule ndi salamanda ndi mahomoni a chithokomiro, omwe amapangidwa ndi ayodini, yemwe uja amathiridwa mu mchere wathu. Mwa axolotl, uthenga wochokera ku ubongo wodzutsa chithokomiro ndi wofooka, koma thupi limamvabe mahomoniwo, moti akapatsidwa mu labotale amasintha n'kutuluka pamtunda. Axolotl amoyo anafika ku Paris mu 1864, ndipo katswiri wa nyama Auguste Duméril anadabwa kuona ena mwa ana awo akusanduka salamanda a pamtunda. Lero ali m'malabotale ndi m'nyumba za anthu padziko lonse, ali pa ndalama ya pepala ya 50 peso ya ku Mexico, koma kwawo atsala pang'ono kutha. Mzinda unameza nyanja imene ankakhalamo, madzi anaipa, ndipo anthu anathiramo nsomba zachilendo, carp ndi tilapia, zomwe zimadya mazira ndi ana ake. Tilapia ameneyo ndi m'bale wa chambo chathu. Nsomba imene kuno ndi ndiwo ya ulemu, kwina ndi chilombo, kungoti yaikidwa m'madzi osakhala ake.

Wina wosasintha ndi Proteus anguinus wa m'mapanga a ku Slovenia ndi maiko oyandikana nawo, woyera, wa maso okwiririka pansi pa khungu, wotha kukhala zaka osadya, ndipo akatswiri amawerengera kuti atha kufika zaka 100.

Kumeranso mwendo, ndi poizoni

Ana amadziwa kuti nalimata akadula mchira umameranso, choncho adzati palibe chachilendo. Chilipo. Mchira watsopano wa buluzi ulibe mafupa a msana, m'kati mwake muli kandodo ka fupa lofewa longa la khutu la munthu, ndipo buluzi sameretsa mwendo. Salamanda amameretsa mwendo wathunthu, mafupa, minofu, mitsempha ndi zala, komanso mchira ndi fupa lake la msana, nsagwada, ndi zigawo za mtima ndi diso. Lazzaro Spallanzani wa ku Italy analemba za zimenezi mu 1768. Zimayenda motere: m'maola ochepa khungu lopyapyala limaphimba bala popanda chipsera. Pansi pake maselo a pafupi ndi balalo amabwerera ku ubwana n'kuunjikana kukhala kachotupa kotchedwa blastema. Kachotupako kamakula n'kupanga gawo lokhalo limene lasowa. Mukadula pa chigongono sikayambiranso paphewa. Mitsempha ya uthenga ikadulidwa kuti isafike pabalapo, mwendo sumera. Mwa kasalamanda kakang'ono zimatenga masabata angapo, mwa wamkulu miyezi.

Musalole ana kudula mbululu kuti ayese. Sizifunika: m'gulu lotungidwa kudambo simulephera kupezeka ina yolumidwa mchira ndi mphutsi ya tombolombo. Ipatuleni m'kabeseni kake, aijambule masiku atatu alionse, aona mchira ukubwerera.

Za poizoni, lamulo ndi lomwe la achule athu. Salamanda saluma ndi ululu ngati njoka, poizoni ali pakhungu, ndipo amavulaza akalowa m'kamwa, m'maso kapena pabala. Mitundu yowala, yachikasu kapena yofiira, ndi chenjezo kwa mbalame. Taricha granulosa wa kumadzulo kwa North America ali ndi poizoni wotchedwa tetrodotoxin wokwanira kupha munthu atamumeza. Pleurodeles waltl wa ku Spain, Portugal ndi Morocco akagwidwa amabaya khungu lake ndi nsonga za nthiti zake zomwe, kuti zilase mdani zitapakika poizoni, ndipo mabalawo amapola. Nthano ya ku Europe yakuti salamanda sapsa ndi moto ndi bodza. Kufotokoza kofala n'kwakuti ankatuluka m'nkhuni zonyowa zomwe anabisalamo zikaikidwa pamoto. Pogwira chule aliyense, manja akhale onyowa, opanda sopo, mafuta odzola kapena mankhwala othamangitsa udzudzu, mumugwire kanthawi kochepa, ndipo musambe mukatha.

Kubweza

Tiachule tibwezedwe pamalo penipeni pamene munatunga, madzulo, m'udzu wonyowa wa m'mphepete mwa madzi. Musatitengere ku dambo lina, ndipo musasakanize mbululu za malo awiri m'beseni limodzi. Chifukwa chake ndi matenda a khungu. Fangasi wotchedwa Batrachochytrium dendrobatidis wapha achule ochuluka m'maiko ambiri. Amakhuthalitsa khungu mpaka mchere wa m'magazi usokonekera ndipo mtima umaima. M'bale wake, Batrachochytrium salamandrivorans, anadziwika mu 2013 atatsala pang'ono kumaliza Salamandra salamandra a ku Netherlands. Iyeyu amadya khungu n'kusiya zilonda, ndipo umboni ukusonyeza kuti anachokera ku Asia kudzera m'malonda a ziweto za m'magalasi. Mu 2016 dziko la United States linaletsa kulowetsa mitundu 201 ya salamanda pofuna kumutsekera kunja.

Izi zikuyankhanso amene aona axolotl pa intaneti n'kufuna kuitanitsa wa sukulu. Amafuna madzi a madigiri 16 mpaka 18 chaka chonse, ndipo akapitirira 24 amadwala. Ngakhale ku Mzuzu, October ndi November angamuvute popanda choziziritsira madzi ndi magetsi osazima. Kulowetsa nyama yamoyo m'dziko kumafunanso zilolezo za boma. Ndalama imeneyo ikagule sikelo, galasi lokuza zinthu ndi mabeseni.

Ngati mbululu zambiri zafa mosadziwika bwino, zotsalazo musazibweze kudambo, ndipo madzi ake muwathire m'dzenje kutali ndi mtsinje. Mabeseni, sefa ndi jombo zitsukidwe ndi madzi a jiki, zitsukuluzidwe kangapo, ndipo ziume padzuwa mpaka gwa musanazisunge kudikira mvula ya chaka chamawa.